Dzimbiri lobwererabwerera pa boti la simenti: komwe limachokera ndi kathetsedwe kake

Boti latulutsidwa m'madzi, madontho ofiirira apalidwa, penti watsopano wapakidwa, boti lawala. Chaka chisanathe madontho aja abwerera pamalo omwewo, ndipo ena abwera ndi kamng'alu kapena kotupa m'penti. Eni maboti a simenti ambiri amabwereza ntchito imeneyi chaka ndi chaka mpaka kufika poganiza kuti ndi mmene maboti oterewa alili. Ayi ndithu. Dontho mukulionalo ndi pothera pa njira imene madzi ndi mpweya zikudutsa kukafika pa chitsulo cha m'kati mwa khoma. Njirayo ikapanda kupezeka ndi kutsekedwa, penti ngakhale akhale wodula chotani sangathandize.

Khoma la boti ndi lopyapyala kuposa mmene ambiri amaganizira

Maboti tikunenawa ndi a ferrocement: mafupa a tizitsulo ta mamilimita 6 totalikirana masentimita 5 mpaka 8, tokutidwa ndi waya wa sefa mbali zonse ziwiri, magawo anayi mpaka asanu ndi atatu, kenako matope a simenti ndi mchenga okanikizidwa mpaka atulukire mbali ina. Amisiri amene anamangapo mathanki amadzi a waya ndi simenti akuidziwa kale ntchitoyi. Pa boti la thanga la mamita 10 mpaka 14, khoma lonse limakhala lochindikala mamilimita 18 mpaka 25 basi, ndipo simenti wophimba waya wakunja amangokhala mamilimita 2 mpaka 4. Chiwerengero chomalizachi muchisunge, chifukwa mavuto ambiri amayambira pamenepo.

Kamangidweka n'kolimba kakachitika bwino. Kaboti kamene Joseph-Louis Lambot anapanga ku France mu 1848 kakadalipo m'nyumba yosungira zinthu zakale ku Brignoles. Boti la Helsal, la simenti lomweli, ndi limene linayamba kufika pa mpikisano wochoka ku Sydney kupita ku Hobart mu 1973. Koma m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 anthu ambiri ku New Zealand, Australia, Britain, Canada ndi America ankadzimangira maboti kuseri kwa nyumba zawo, ndipo ubwino wa boti lonse unkadalira tsiku limodzi lomata matope. Amene anamata mothamanga kapena ndi matope amadzi ambiri anasiya mphako m'khoma. Maboti a nthawi imeneyo ndiwo akuvutitsa kwambiri lero. Sitima zikuluzikulu za konkire za pa nkhondo ziwiri zapadziko lonse, monga zimene zimatchinga mafunde ku Powell River ku Canada ndi ku Kiptopeke ku Virginia, zili ndi makoma ochindikala a zitsulo zazikulu, ndipo kakonzedwe kake n'kosiyana ndi kamene tikufotokoza pano.

Chitsulo chili m'simenti wabwino sichichita dzimbiri ngakhale chinyowe, chifukwa simenti ali ndi pH (muyeso wosonyeza ngati chinthu chili cha asidi kapena cha alkali) ya pafupifupi 12.5 kapena 13, ndipo imeneyi imachititsa kakhungu kotetezera pa chitsulocho. Zinthu ziwiri zimawononga kakhunguka. Choyamba ndi mchere wa m'nyanja ukalowerera mpaka pa waya. Chachiwiri ndi mpweya wa carbon dioxide umene umalowa pang'onopang'ono m'simenti wosapentedwa n'kutsitsa pH kufika cha m'ma 9. Dzimbiri likayamba limafufuma kuposa chitsulo chimene lachokera, kawiri kapena kuposa pamenepo, motero limakankha simenti, kutsegula mng'alu, madzi n'kulowa ochuluka. N'chifukwa chake dontho la chaka chino limakhala lalikulu kuposa la chaka chatha.

Musanapale chilichonse

Cholakwika chachikulu ndi kufulumira kugwira girayinda. Madontho ndi amene akukuuzani pamene pali vuto, ndiye mukawapala tsiku loyamba mwafufuta umboni. Boti likatuluka, litsukeni ndi madzi abwino opanda mchere, lisiyeni liume masiku awiri kapena atatu, kenako zungulirani ndi choko. Lembani mzere kuzungulira dontho lililonse, mng'alu uliwonse, komanso malo alionse amene akhalabe onyowa pamene kwina konse kwauma. Malo osaumawo ndi ofunika kuposa madontho ofiira, chifukwa akusonyeza kuti kuseri kwake kuli madzi otsekeredwa. Jambulani zithunzi mbali zonse.

Mukatero tengani hamala yaing'ono ya magalamu 200 kapena 300, mugogode khoma lonse motsatana, masentimita 10 alionse. Simenti wolimba amalira mowala, ndipo hamala imadumpha. Pamene pali mphako pamamveka ngati mphika wong'aluka, ndipo hamala imangofera pomwepo. Ntchitoyi ndi yotopetsa, pa boti la mamita 12 imatha tsiku lonse, koma palibe chipangizo chotsika mtengo chimene chingakuuzeni zambiri kuposa khutu lanu. Gogodani makamaka m'munsi momwe khoma limakumana ndi keel (msana wa pansi pa boti), kumphuno, pamene tsigiro imalowera, ndi motsatira mafupa a m'kati, chifukwa m'malo amenewa mawaya amathithikana ndipo matope ankavuta kulowa. Chitani chimodzimodzi m'kati mwa boti pamene mungafikire, ngakhale zitanthauze kuchotsa matabwa apansi ndi makabati.

Maonekedwe a dontho amanena zambiri

Timadontho ting'onoting'ono ngati nsonga ya singano, tomwazikana popanda dongosolo, pa khoma lolira bwino, kawirikawiri ndi nsonga za tiwaya tomangira timene tinasiyidwa pafupi ndi kunja. Limeneli ndi vuto lochepa. Koma ngati dzimbiri likujambula timabokosi kapena timaso ta sefa, ndiye kuti waya weniweni ali pamtunda. Mwina anamata mopyapyala kwambiri, mwina wina anapala khoma ndi girayinda pofuna kulisalaza n'kudya simenti wophimba uja.

Mzere wautali wowongoka, wokhala ndi kamng'alu pakati, umatsatira chitsulo cha mafupa chimene chayamba kufufuma. Ming'alu yochoka pamalo amodzi n'kufalikira mbali zonse ndi chizindikiro cha kugunda mwala kapena doko, ndipo mukayang'ana m'kati mupeza khoma lalowa pang'ono. Dzimbiri lozungulira paipi yotulukira kunja, bawuti kapena chitsulo chogwira zingwe za mlongoti limaloza ku chinthu chimenecho, osati ku khoma.

Ming'alu iyezeni ndi feeler gauge, tizitsulo topyapyala toyezera kukula kwa mpata. Timing'alu tosakwana mamilimita 0.1, tolukanalukana pamwamba pokha, tinabwera simenti akuuma ndipo epoxy, guluu wolimba wochita kusakaniza mankhwala awiri, amatitseka bwinobwino. Wopitirira 0.2 kapena 0.3 muutsate. Lembani ndi pensulo pamene ukuthera mbali zonse, ndi tsiku. Ukakula, kapena ukakhala pansi pa mlongoti, pokhazikika injini, kapena pangodya ya chitseko cha pa deki, pali katundu amene khoma likulephera kunyamula. Kuutseka kokha sikokwanira, pamafunika kuwonjezera waya ndi chitsulo.

Pamene mwagumula simenti, poperani pomwepo mankhwala a phenolphthalein, galamu imodzi yosungunulidwa m'mamililita 100 a sipiriti. Simenti wamoyo amasanduka wapinki. Amene sakusintha mtundu wataya mphamvu yoteteza chitsulo. Muyeze pamalo ogumulidwa kumene, osati pa khungu lakale, ndipo onani ngati gawo losasinthalo lafika pa waya.

Madzi ambiri amachokera m'kati

Apa ndi pamene ambiri amasochera. Amalimbana ndi kunja kwa boti pamene madzi akulowera kuseri. M'kati mwa maboti ambiri a simenti munangosiyidwa osapentedwa, kapena munapakidwa penti wamba. Madzi amchere okhala pansi pa matabwa miyezi yambiri, kunyowa ndi kuuma mosinthana, amalowetsa mchere m'khoma mofulumira kuposa nyanja yakunja imene yatchingidwa ndi epoxy. Malo oyamba kuyang'ana ndi mosungira tcheni cha nangula, pansi pa bafa ndi chimbudzi, pansi pa injini, ndi timphako ta pakati pa mafupa timene timabowo take totulutsira madzi tinatsekeka ndi zinyalala.

Keel ndi nkhani ina. Omanga ambiri ankaidzaza ndi zidutswa za zitsulo n'kuthira simenti pamwamba, ndipo pakati pa zidutswazo pamatsala mipata. Madzi akalowamo sachokamo. Ngati m'munsi mwa keel mukuchucha madzi ofiira milungu ingapo boti litatuluka, boolani bowo la mamilimita 8 kapena 10 pamalo otsikitsitsa, madzi atuluke. Thiranimo madzi abwino kuchokera pamwamba kangapo kuti mchere uchepe, ndipo dikirani mpaka bowolo lisiye kudontha, ngakhale itatha miyezi iwiri. Kenako dzazani mipatayo ndi simenti wamadzimadzi kapena epoxy woyenderera kuchokera pansi kukwera m'mwamba, ndipo pamwamba pa keel m'katimo mutseke ndi epoxy kuti madzi asapezenso polowera.

Mathanki a dizilo omangidwira kumodzi ndi khoma amavutitsanso. Dizilo amalowerera m'simenti ngati mkati mwa thanki simunakutidwe bwino, ndipo pamalo otero palibe penti, epoxy kapena matope amene angagwire. Penti akamangosendeka pamalo amodzi ofanana ndi kukula kwa thanki, nunkhizani khomalo. Njira yodalirika ndi kusiya kugwiritsa ntchito thankiyo n'kuika ina yoima payokha.

Pa deki, madzi amvula amatsata mabawuti a zitsulo zogwirira, a mawindo ndi a thabwa lotchinga m'mbali mwa boti. Zulani bawuti mmodzi pamalo okayikitsa. Ngati waonda pakati, anzake alinso chimodzimodzi.

Zitsulo zosiyana ndi magetsi

Mavalavu ndi mapaipi a bronze, komanso shafiti ya stainless yozunguza pulopela, zikakhudzana ndi waya wa m'khoma, madzi amchere amazisandutsa batire, ndipo chodyeka ndi waya. Boti lili pamtunda ndiponso louma, ikani multimeter, chipangizo choyezera magetsi, pa ohms, chingwe chimodzi pa valavu, china pa chitsulo cha mafupa chimene mwachipala m'kati. Ikawerenga ma ohm ochepa, zikukhudzana. Zulani valavuyo, kulitsani bowo ndi mamilimita 5 kapena 6 mbali zonse, dzazani ndi epoxy wokhuthala, akauma mubooolenso pakati, kuti chitsulo chidutse mu epoxy osagunda waya.

Akatswiri amasiyana maganizo pa kulumikiza mafupa a khoma ku ma anode (zidutswa za chitsulo zoikidwa pa boti kuti zizidyeka m'malo mwa zitsulo zina), koma pa bronze wokhudza waya onse amagwirizana kuti n'zoipa. Ngati boti lanu linamangidwa ndi ma anode olumikizidwa ku mafupa, asamalireni. A zinc ndi a m'madzi amchere, a magnesium ndi a m'madzi opanda mchere, a aluminium amagwira kwina kulikonse. Magnesium m'madzi amchere amapitirira muyezo n'kutukula penti. Anode asinthidwe akadyeka theka, ndipo asapentedwe. Amene wakhala chaka chonse osadyeka ngakhale pang'ono sanalumikizike. Amene watha m'miyezi iwiri kapena itatu akusonyeza magetsi othawa, kawirikawiri ochokera ku waya wa pampu wogona m'madzi kapena ku magetsi a padoko, ndipo zimenezi zikonzedwe khoma lisanamatidwe.

Kakonzedwe

Timadontho ta nsonga za waya sitivuta. Kumbani kadzenje kakuya mamilimita 3 kapena 4, dulani kapena khomererani nsongayo m'kati, tsukani, umitsani, pakani epoxy woyenderera, kenako dzazani ndi wokhuthala. Pamene sefa ili pamtunda pa dera lalikulu koma waya akadali wamphamvu, chotsani dzimbiri mpaka chitsulo chiwale, ndipo mangani khungu latsopano la epoxy wosakaniza ndi mchenga wosalala wouma.

Mphako zazing'ono zouma, zopanda dzimbiri, zimadzazidwa. Boolani mabowo a mamilimita 6 otalikirana masentimita 10 mpaka 15, drill isakhale pa hamala, ndipo kulungani tepi pa nsonga yake kuti musatulukire mbali ina. Popani epoxy kuyambira bowo lapansi mpaka atulukire lotsatira, tsekani lapansilo, pitirirani m'mwamba. Mukayambira pamwamba mutsekera mpweya m'kati. Mphako imene ikutulutsa madzi ofiira isadzazidwe chonchi, chifukwa mukwirira dzimbiri ndi mchere. Imeneyo igumulidwe.

Pogumula, wina agwirize chitsulo cholemera kuseri kwa khoma pamene inu mukumenya ndi hamala kunja, kuti simenti aphwanyike pamalo pomwepo osang'ambira kutali. Osadula ndi girayinda mwachisawawa, mudula waya amene mukumufuna. Pitirirani mpaka mupeze waya woyera ndi simenti amene akusanduka wapinki mukapopera phenolphthalein, kenako onjezerani masentimita 5 kuzungulira. Ambiri amalekeza pamene dontho lathera, ndipo n'chifukwa chake dzimbiri limadzatulukira m'mphepete mwa chigamba chaka chotsatira. Simenti achoke kuseri kwa waya komwe, kuti matope atsopano amuzungulire. M'mphepete musakhale mopyapyala ngati mpeni, mukhale mwakuya ndi mokhakhala.

Tsukani malowo kangapo ndi madzi abwino opopera mwamphamvu. Waya wodyeka adulidwe, ndipo watsopano alowe magawo ofanana ndi akale, aliyense wopitirira pa wakale ndi masentimita osachepera 10, mfundo zake zisagwere pamzere umodzi. Chitsulo cha mamilimita 6 chilumikizidwe mopitirirana masentimita 25 n'kumangidwa ndi waya wofewa. Kuwotcherera kumafooketsa zitsulo zolimba zimene ambiri ankagwiritsa ntchito. Finyani magawo onse athithikane, pindirani nsonga zonse m'kati, ndipo goneketsani rula pa bowolo kuti muone ngati waya watsika mamilimita 3 kuchokera pa khungu la khoma. Gwiritsani waya wa mtundu womwe ulimo kale. Waya wa galvanised (wokutidwa ndi zinc) watsopano akasakanikirana ndi chitsulo chakuda chosakutidwa m'matope aawisi amatulutsa thovu la mpweya wa hydrogen limene limasiya timphako mozungulira waya.

Matope: makilogalamu 10 a simenti watsopano wopanda zibuma, makilogalamu 20 a mchenga wa mumtsinje wotsukidwa ndi wosefedwa pa sefa ya mamilimita 2.36, ndi malita 4 a madzi akumwa. Yezani pa sikelo, osati ndi fosholo. Mchenga ukakhala wonyowa chepetsani madzi. Kumene simenti wopirira sulphate amapezeka, ndiye wabwino pa boti la m'nyanja yamchere. Mchenga wa m'mbali mwa nyanja yamchere ayi, ndipo mankhwala oumitsa msanga okhala ndi calcium chloride ayi, chifukwa onsewo ndi kuthira mchere pa waya ndi dzanja lanu. Matope otere amaoneka ouma ndipo amatopetsa mkono, koma musawonjezere madzi. Madzi owonjezerawo akauluka amasiya timabowo, ndipo chigamba chimafota n'kudzipatula m'mphepete. Ngati akuvuta kulowa, thirani plasticiser, mankhwala ofewetsa matope, pa mlingo wolembedwa pa botolo.

Pakani m'mphepete mwa simenti wakale epoxy wopangidwira kulumikiza konkire watsopano ndi wakale, ndipo matani akadali womata. Akauma musanamate, wasanduka khungu loterera limene palibe chingagwire, ndipo ayenera kupalidwa. Epoxy akasowa, nyowetsani simenti wakale usiku wonse, pukutani madzi oonekera, pakani phala la simenti ndi madzi, mumate lisanaume. Kanikizani matope kuchokera mbali imodzi yokha mpaka atulukire mbali ina, wina ali kuseri kuyang'ana ndi tochi. Mukamata mbali zonse nthawi imodzi mutsekera mpweya pakati, n'kupanganso mphako yomwe munabwera kudzachotsa. Sakanizani ongokwanira mphindi 30 mpaka 45, ndipo gwirani ntchito pamthunzi.

Chigamba chikangolimba, chiphimbeni ndi masaka onyowa ndi pulasitiki mbali zonse ziwiri. Chisaume ngakhale kamodzi kwa masiku asanu ndi awiri, ndipo masiku 28 ndiwo oyenera pa chigamba chachikulu. Chifukwa cha kupyapyala kwake, dzuwa ndi mphepo za masana amodzi zimakwanira kuchiwononga. Epoxy wosakaniza ndi mchenga amafulumira ndipo ndi wabwino pa malo osaposa chikhatho, koma pa bowo lalikulu amafutukuka ndi kutentha mosiyana ndi simenti, ndipo m'mphepete mumang'aluka. Fumbi la simenti ndi la penti wakale wapansi pa boti limawononga mapapo, choncho chigoba chakumphuno, magalasi ndi magulovu zisasowe.

Penti

Penti wamafuta wa m'nyumba sagwirizana ndi simenti, amafewa kunsi kwake n'kusendeka. Choyamba pa khoma chikhale epoxy. Khoma liume kaye: matani pulasitiki ya masentimita 45 mbali zonse ndi tepi, isiyeni maola 16, ndipo mukapeza mame kunsi kwake kapena simenti wada, dikiranibe. Ena amatsuka khoma ndi asidi wa hydrochloric kuti likhale lokhakhala. Ife sitilimbikitsa zimenezi pa khoma limene waya ali mamilimita atatu kuchokera kunja, chifukwa asidi ameneyu amasiya chloride, amene amachititsa waya dzimbiri ngati mchere wa m'nyanja. Kupala pang'ono ndi sandipepa kapena kupopera mchenga mopepuka n'kokwanira. Epoxy woyamba akhale woyenderera kuti amwerere, kenako magawo ena atatu kapena anayi mpaka kuchindikala kumene wopanga wake walemba, ndiyeno penti woletsa ndere ndi nkhono. Penti ameneyu amakhala ndi kopa, ndipo asagunde simenti kapena waya mwachindunji. M'kati, makamaka pansi ndi mosungira tcheni, mupakidwenso epoxy, ndipo timabowo totulutsira madzi titsegulidwe.

Pali maboti amene kukonza kwa mtundu uwu sikungawapulumutse. Ngati hamala ikumveka mphako pa dera lalikulu la pansi pa madzi, ngati waya akuthothoka m'manja paliponse pamene mwatsegula, kapena ngati khoma latupa n'kugawanika pakati motsatira mafupa, itanani katswiri woyeza maboti amene amadziwa ferrocement musanagule thumba lina la simenti. Iye amaboola tizidutswa ta khoma m'malo angapo kuti aone waya ndi kuyeza mchere. Makampani ambiri a inshulansi amafunanso lipoti lotere asanavomere boti la simenti, choncho zithunzi za chigamba chilichonse, chisanamatidwe ndi chitamatidwa, muzisunge pamodzi ndi mapepala a boti.